Wouza Adada Kuti Avule

Mu Blantyre muno mukadwala n'kukumana ndi dokotala amene wayamba imvi, dziwani kuti ameneyo anadutsa m'manja mwa adada anga. Sindikunena modzitama ayi. Ndikunena chifukwa chimenechi ndi chomwe chatipweteka.

Adada ndi a Mackford Zgambo, kwawo ku Rumphi. Anakaphunzira udokotala kunja nthawi imene munthu wakuda wovala jasi yoyera ankaimitsa anthu pamsewu. Atagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri, boma linaona kuti munthu amene amatha kuuza mayi kuti mwana wake wamwalira, mayiyo n'kuthokoza, akhozanso kulankhula ndi azungu. Linawatumiza kukakhala kazembe kudziko lina lozizira la ku Ulaya, komwe ine ndi achimwene anga a Jerome tinaphunzira kudya ndi foloko n'kuiwala Chitumbuka. Atabwerako, anzawo anawakokera kundale koma iwo anakana, n'kupita kukaphunzitsa madokotala. Kumeneko n'kumene anatenga dzina loti Pulofesa, ndipo linawamatirira moti ngakhale ogulitsa makala kuno ku Chilomoni amawaitana choncho.

Nyumba za boma zimatha ndi ntchito. Atapuma anabwerera m'nyumba yathu yakale ya ku Chilomoni, yomwe anagula asanatchuke. Amama atamwalira, ndipo ine banja langa litatha, ndinabwerera pakhomo. Tinatsala awiri: ine Mwiza, wolawirira m'mawa kupita kuofesi ku Makata, ndi iwo, ovala tayi kuti akawerenge nyuzipepala pakhonde.

Magazi ndinayamba kuwaona m'nyengo ya mango. Anali timadontho m'mphepete mwa chimbudzi, pamalo pooneka kuti munthu anayesa kupukuta koma maso anamunamiza. M'nyumba ya anthu awiri simufunika wapolisi. Kenako adada, munthu amene chibadwire sanachapepo ngakhale mpango wa m'thumba, anayamba kudzichapira okha nsalu zapabedi n'kumaziyanika kuseri kwa nyumba ine ndili kuntchito. Buluku linayamba kukwinyika m'chiuno. Ndinadziwa kuti akudwala, ndipo ndinachita mantha.

Koma mwana wamkazi sakamba za m'munsi mwa lamba wa bambo ake. Zimenezi sanandiphunzitse munthu, ndinangokula ndikuzidziwa. Choncho ndinazungulira.

"Adada, mwayamba kuchepa thupi."

"Wafunsa bwino, mama," anatero akupinda nyuzipepala. "Ndikungotsatira malangizo amene ndakhala ndikupatsa anthu ena. Munthu wamkulu asamanenepe."

Umu ndi momwe adada amayankhira. Sakana, sakwiya, sanama. Amayamba akuthokoza chifukwa cha funso lako, n'kukuperekeza bwinobwino mpaka pakhomo, ndipo umazindikira uli kale panja kuti sunayankhidwe. Nduna za mayiko zinalephera kuwapanikiza, ndiye ine ndinali ndani.

Ndinaimbira foni a Jerome, omwe amakhala ku Botswana ndipo amakonda adada kwambiri pa Khirisimasi. Anaseka.

"Iwe Mwiza, ukufuna kuphunzitsa dokotala za matenda? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akafuna thandizo anena okha."

"Nanga akapanda kunena?"

"Ndiye kuti palibe vuto. Usamadzipatse BP."

Ndinadula foni ndisanalankhule zoti ndidzapepese.

Pa ophunzira onse a adada, amene ankabwera kunyumba kawirikawiri anali a Dokotala Raymond Namate, omwe tsopano ali ndi chipatala chawochawo m'tauni. Ndinapita kukawaona. Kwa iwo ndinatha kunena zonse, maso ndili pansi. Nkhope yawo inasintha. Anati zimenezi si zosewera nazo pa msinkhu wa adada, ndipo abwera Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Ndinatuluka mtima uli m'malo koyamba m'miyezi ingapo.

Anabweradi, chikwama chawo cha zipangizo chili m'manja. Koma atangoponda pakhonde, munthu wamkulu uja, wa galimoto yaikulu ndi mimba yake, anafupika. Anapereka moni ndi manja awiri. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, chikwama atachiika pansi pakati pa mapazi.

"Ndinamva kuti thupi silili bwino kwenikweni, a Pulofesa."

Adada anandiyang'ana pang'ono, kenako n'kumwetulira.

"Mwachita bwino kubwera, Dokotala. Ndili ndi wodwala wina amene ndimafuna timukambirane. Bambo wachikulire, anakulira m'mbali mwa mtsinje, ali mwana ankasambira m'madziwe. Mkodzo wake uli ndi magazi. Poyamba mungaganize chiyani?"

A Raymond anawongoka ngati mwana wa sukulu amene walozedwa ndi choko.

"Likodzo, a Pulofesa. Koma pa msinkhu wotere tiyeneranso kuganizira za..."

"Ndati poyamba."

"Likodzo."

"Mwakhoza. Nthawi zonse yambani ndi chimene chili pafupi."

Anamwa tiyi. Anakambirana za kusowa kwa mankhwala, za anzawo amene anathawira kunja, za msewu wa ku Chilomoni ndi maenje ake. Chikwama chija sichinatsekulidwe. Powaperekeza kugalimoto ndinalephera kudzigwira.

"Bwanji simunawayeze?"

Anayang'ana makiyi m'manja mwawo.

"Achemwali, kuti ndiwayeze bwinobwino ndiyenera kuwauza kuti atsitse buluku, agone chammbali, ndiwapime ndi chala. Munthu amene anaima m'malo mwa bambo anga paukwati wanga. Mundiuze inuyo, ndiyambira pati?"

"Muyambire pomwe mumayambira ndi ena onse."

"Ena onse si a Pulofesa."

Anatumiza mapiritsi a likodzo tsiku lotsatira. Analonjezanso kulankhula ndi akuluakulu a pachipatala china chachikulu, komwe kuli makina ndi akatswiri.

Kumeneko anatilandira ngati akwati. Mlonda wa pageti anachita sawasha. Sitinakhale pamzere ngakhale pang'ono. Anatitengera kuofesi ya mkulu wa madokotala, komwe kunali kapeti, mabisiketi pambale ndi makapu amene amatulutsidwa kukabwera alendo a kunja. Madokotala ankalowa mmodzimmodzi kudzapereka moni, aliyense ndi nkhani yake ya momwe adada anamugwetsera mayeso kapena kumudzutsa. Anabweretsanso gulu la ophunzira kuti aone ndi maso awo munthu amene amangomumva, ndipo adada anawalankhula mawu olimbikitsa, onse n'kuomba m'manja. Pomaliza mkulu uja anapinda manja n'kufunsa mwaulemu wonse.

"Ndiye inuyo mukuona kuti tichite chiyani, a Pulofesa?"

"Tiyeni tiyambe taona momwe mapiritsi agwirire ntchito," anatero adada. "Tisathamange."

Mitu yonse inagwedera. Ine ndinati pali makina ojambulira m'mimba, bwanji osawajambula lero lomwe popeza tabwera kale. Anandiyang'ana mokoma mtima, momwe anthu amayang'anira mwana amene walankhula pamaliro. Anati makinawo alipo tsiku lililonse limene a Pulofesa angasankhe okha.

Ndinatuluka kuti ndikapume mpweya. M'khonde munali anthu pamabenchi, ena pansi. Kuseri kwa katani ndinamva namwino akukalipira nkhalamba ina: "Agogo, vulani msanga, anthu ndi ambiri panjapa." Nkhalambayo inali ndi mapazi ong'aluka ndi jekete lopanda mabatani. Ndinaima pamenepo ndikuichitira nsanje. Ndinalakalaka adada anga akanakhala munthu woti akhoza kukalipiridwa.

Mapiritsi anatha, magazi sanathe. Mvula inatha, kunayamba kuzizira. Zengerezu analinda kwawukwawu, amatero, koma ine sindinkazengereza. Ndinkathamanga ndithu, kungoti khomo lililonse limene ndinkagogoda linkatsekulidwa ndi munthu wogwada. Adada anasiya kupita kumisonkhano ya akulu ampingo. Anayamba kusiya chakudya m'mbale, n'kumayamikira kaphikidwe kanga kuposa kale.

Loweruka lina m'mawa ndinawapeza kuseri kwa nyumba atagwira khoma ndi manja onse awiri. Kunali chiperoni, koma thukuta linali litanyowetsa kolala. Beseni la nsalu linali pansi, madzi ake ofiirira. Anayesa kuliphimba ndi mwendo.

Ndinagwada pamatope pomwepo, monga anandiphunzitsira amama polankhula ndi akulu, ndipo ndinanena zimene mwana wamkazi sanena.

"Adada, magazi ndawaona."

Kutsidya kwa mpanda wina ankatsuka mapoto, wailesi ikuimba nyimbo za kwaya.

"Kuyambira liti?"

"Nyengo ya mango."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanandithokoze chifukwa cha funso langa.

"Tiyeni tipite komwe sakudziwani," ndinatero. "Ku Bangwe kuli kachipatala kakang'ono, mnzanga wa kuntchito amapita kumeneko. Tikwere minibasi. Musavale tayi. Mukakhale pamzere ngati wina aliyense."

Ndinkayembekezera kuti andiperekeza pakhomo monga mwa masiku onse. Koma anafunsa ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo.

"Kumeneko sandidziwa?"

"Sakudziwani."

"Ndiye tipite."

Kuvomera kumeneko kunandiopsa kuposa magazi aja. Ndinazindikira kuti wodwala amene ankamukambirana ndi a Raymond uja ankamudziwa bwino matenda ake, ndipo sanali likodzo.

Tinapita Lachiwiri, ine nditapempha tchuthi. Ndinawaveka juzi yakale imene amavala pothirira maluwa, chipewa cha ulusi ndi nsapato zakutha. Nditawayang'ana pakhomo mtima unandiwawa, chifukwa popanda tayi anali nkhalamba yowonda basi. Tinakwera minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka ku Limbe, ina ya ku Bangwe. Kondakitala wina anawagunda paphewa n'kunena kuti, "Madala, sunthani, pamenepo n'pa anthu anayi." Adada anasuntha. Ndinaona ngati akumwetulira.

Pachipatalapo panali amayi a ana kumsana, anyamata a mabandeji ndi nkhalamba zotsokomola. Pogula kabuku ka chipatala ndinalembetsa kuti Mackford Henry, poti Henry linali dzina la agogo. Tinakhala pabenchi n'kumasuntha pang'onopang'ono munthu akalowa. Dzuwa linakwera mpaka pamutu. Mayi wina anawapatsa adada chinangwa chophika, iwo n'kulandira ndi manja awiri. Palibe anawayang'ana kawiri, ndipo ine ndinkapemphera chamumtima kuti zipitirire choncho.

M'chipinda choyezera munali bambo wa zaka za m'ma sate, maso ofiira ndi kutopa, jasi yake yothimbirira m'mikono. Sanadzutse mutu.

"Chavuta n'chiyani, madala?"

Adada anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ndikukodza magazi. Papita miyezi. Mkodzo umavuta kutuluka, ndipo msana ukuwawa m'munsimu, makamaka ndikagona. Thupi likutha."

Za msanazo ine sindinkazidziwa. Anazinena mosazungulira, m'Chichewa chawo chija chomveka kuti lilime linakulira kumpoto.

Bamboyo anasiya kulemba n'kuwayang'ana.

"Ndiye munali kuti nthawi yonseyi? Anthu inu mumadikira mpaka zinthu zifike poipa, kenako muzidzati achipatala ndi oipa."

"Mwanena zoona," anatero adada.

"Vulani juzi ndi malaya, mumasule lamba, mugone apo. Mayi, inu dikirani panja."

Sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo. Ndinanyamuka msangamsanga, misozi ili m'maso. Adada anali atavula kale juzi n'kundipatsira, zala zawo zili pamabatani a malaya. Bambo uja ankavala magolovesi.

Ndikutsekula chitseko, ndinakumana ndi mayi wachikulire wa yunifolomu, sisitala wamkulu wa pamalopo, akulowa kudzatenga makiyi a kabati. Sanayang'ane wodwala, poti odwala amawaona tsiku lonse. Akanatenga makiyi ake n'kutuluka. Koma adada anga, chikhalire, sanakhalepo pansi mayi akulowa m'chipinda. Anazolowera m'mawodi, anazolowera m'nyumba za akazembe, ndipo thupi linachita lokha mutu usanaganize. Anaimirira ndi ululu wawo wonse, malaya ali chimasulire, n'kuweramitsa mutu pang'ono.

"Mwaswera bwanji, Sisitala."

Mayiyo anaima. Nkhalamba za pabenchi siziimirira namwino akalowa. Anawayang'ana kumaso, n'kuyang'ana nsapato, n'kubwereranso kumaso. Makiyi anagwa pansi.

"A Pulofesa?"

Ndinafuna kunama kuti mwawafananiza, koma anali atagwira kale pakamwa ndi manja onse awiri. Anatembenukira bambo uja.

"Iwe Onesimo, ukumudziwa munthu amene wamuvulayu? Aphunzitsi ako onse anaphunzitsidwa ndi awa. Awa anaimirapo dziko lino kunja."

A Onesimo anadzuka, mpando n'kugwera kumbuyo. Anavula magolovesi aja mofulumira ngati akuotcha, manja n'kuwaika kumbuyo.

"Pepani bwana, sindinadziwe. Ndalankhula mwachipongwe. Mundikhululukire."

"Sisitala, chonde," ndinatero, "asiyeni awayeze. Tabwera dala kuno. Tachokera ku Chilomoni."

"Kuno, mwana wanga? Pabedi ili la mphira wong'ambika? Anthu adzati chiyani akadzamva kuti a Pulofesa tinawagoneka apa? Ayi, ine manyazi amenewo sindingawasenze. Ndiimbira akuluakulu m'tauni pompano, awalandire okha."

"Kumeneko tinapitako kale. Anatipatsa tiyi."

Sanandimve. Anali akufufuza kale nambala mufoni, uku akukuwira wina panja kuti abweretse mpando wabwino wa muofesi. Ndinatembenukira a Onesimo. Ndinawagwira mkono wa jasi, ine mayi wamkulu ndi ulemu wanga.

"Achimwene, pitirizani. Munayamba bwino. Ndikukupemphani."

Anayang'ana sisitala, n'kuyang'ana adada.

"Ngati a Pulofesa atalamula okha, ndikhoza."

Tonse tinayang'ana adada. Anali chiimire, zala zili pabatani lapakati, nthiti zikuonekera. Panangofunika liwu limodzi. Ndinaona milomo yawo ikutseguka, ndipo ndikulumbira kuti ankafuna kulinena. Ndinaliona m'maso mwawo. Koma pakhomo panali patadzaza kale anamwino ndi otsuka pansi, akusuzumira kuti aone munthu wamkulu amene wabwera ku Bangwe pa minibasi. Wina anali atakweza foni kuti ajambule. Adada anawayang'ana onsewo. Kenako nkhope ija ya pazithunzi za kunyumba ya kazembe inabwerera pamalo pake, ndipo anayamba kumanga mabatani kuchokera m'munsi.

"Sisitala Eliness, si choncho?" anatero. "Wodi ya ana. Munali ndi mnyamata wanu wovutika ndi mphumu. Anakula?"

Mayiyo analira ndi chimwemwe kuti amukumbukira. Anati mnyamatayo ndi mphunzitsi ku Zingwangwa, ali ndi ana awiri. Adada anati zimenezo n'zosangalatsa kwambiri. Anagwira chanza a Onesimo n'kuwauza kuti amafunsa odwala bwino, asadzasinthe. Mpando unabwera, Fanta inabwera. Anayendera chipinda cha mankhwala ndi cha amayi oyembekezera, akumvetsera madandaulo a kusowa kwa madzi, akulonjeza kuti akawatchula kwa oyenera. Ine ndinkatsatira pambuyo nditanyamula juzi. Ndinalibe mphamvu ngakhale yokwiya.

A Eliness anafuna kutipezera galimoto, adada anakana mwaulemu. Ndiye anatiperekeza okha mpaka pasiteji, atandilanda chikwama changa kuti anyamule. Anauza kondakitala kuti awa akhale kutsogolo, ndi a Pulofesa. Mnyamata amene anali pampandowo anatsika osatsutsa.

Ndinakhala kumbuyo kwawo. Minibasi inkatsetsereka kulowera ku Limbe, ikuima paliponse. Ndinkaona khosi lawo, momwe kolala inatalikirana ndi khungu. Ndinawerama n'kulankhula pafupi ndi khutu lawo.

"Adada, tikayese kwina. Ku Machinjiri, kapena ku Chirimba. Ngakhale ku Thyolo."

"Eliness ali ndi foni, mama," anatero osatembenuka. "Pofika madzulo tauni yonse ikhala itamva."

Tinadutsa ogulitsa kaunjika, tinadutsa ana a sukulu akuweruka. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Kenako analankhulanso, motsitsa, ngati akudziuza okha.

"Anali atavala kale magolovesi."

Titafika ku Limbe ndinatsika msanga n'kuwatsekulira chitseko. Ndinawapatsa mkono, ndipo anautsamira ndi thupi lonse. Sanali kulemera konse.